CENJI CA MSONKHO KU AMERICA: BANJA LITENGE KAPENA LISIYE KU BOMA?



Nkhani yathu ya lero iticotsa kuno kwathu ndi kutiolotsa nyanja kunka ku United States of America. Ambiri a inu muli ndi mwana, mlongo kapena mphwanu m'dziko limenelo: wina ndi nesi m'cipatala, wina ayendetsa lole, wina ali ndi kabizinesi kace. Mwezi wa Epulo ukayandikira mau ao pa lamya amamveka olema, ndipo mukafunsa amangoti, "Tiri pa mapepala a msonkho." Pa mapepala amenewo pali kamzere kamodzi kamene ndifuna kuti tikambirane. Kamzereka kamafunsa motere: ndarama zimene munapitiriza polipira msonkho wa caka catha, kodi mufuna tikubwezereni, kapena mufuna zikhale konkuno kuti ziyambe kulipira msonkho wa caka cino? Munthu wosakwatira amayankha yekha, nakagona tulo. Koma kwa mwamuna ndi mkazi amene alemba pepala limodzi, yankho la funso limeneli limamanga anthu awiri, ndipo kawiri-kawiri woyankha amakhala mmodzi, winayo nangosaina.

Kuti timve bwino tiyambe ndi maboma. Munthu wa ku America amakhala pansi pa maboma awiri. Liripo Boma lalikuru la ku Washington, limene lakhala likudula msonkho pa zimene munthu apeza kuyambira caka ca 1913, ndipo ofesi yace ya msonkho imachedwa Internal Revenue Service, mwacidule IRS. Ndiponso dzikolo liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi boma lace ndi nyumba yace ya malamulo. Musaziyese ngati maprovinsi athu, iai. Akuru-akuru amene akumbukira masiku a Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, adziwa kale kulemera kwa maboma awiri pa mutu wa munthu mmodzi. Zigawo zina, monga Texas, Florida ndi Wyoming, sizidula msonkho pa malipiro a munthu. Koma zocuruka zimadula, cotero munthu wokhala ku California kapena ku New York amalemba mapepala awiri caka ndi caka, lina la ku Washington, lina la cigawo cace.

Inu a pa mgodi mudziwa PAYE. Ndarama za msonkho zimacoka musanazione. Pa kapepala ka malipiro mumangopeza kuti zadulidwa kale. Ku America macitidwe amenewa anakhazikika m'caka ca 1943, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri m'kati, pamene Boma linafuna ndarama msanga ndipo anthu ambiri-mbiri analowa m'kaundula wa msonkho kwa nthawi yoyamba. Munthu amene analimbikira kwambiri ganizo lakuti msonkho uziperekedwa m'caka comweco cimene ndarama zapezedwa anali Beardsley Ruml, wosunga cuma wa sitolo yaikuru ya Macy's ku New York. Koma si anthu onse ali ndi bwana wowadula msonkho. Kalipentala wodziimira yekha, mwini lole, mwini nyumba za lendi, nkhalamba yodya phindu la cuma cimene inasunga, onsewa palibe amene amawadula. Cotero lamulo limati aziyerekeza okha msonkho wa caka cimene alimo, ndi kuupereka m'magawo anai. Umenewu ndiwo msonkho woyerekeza, umene eni ace amaucha estimated tax. Amalonda a kuno amene amapereka provisional tax ku ZRA kanai pa caka aona kuti ganizo lace ndi lomwelo.

Masiku ace ku Boma lalikuru ndi awa: 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale wa caka cotsatira. Taonani kuti mipata yace siilingana. Pakati pa gawo loyamba ndi laciwiri pali miyezi iwiri yokha, ndipo munthu wosayang'ana kalendala amagwa pomwepo. Amene ayembekeza kuti caka cikatha adzatsala ndi ngongole ya msonkho ya madola 1,000 kapena kuposa, atacotsa zimene anadulidwa ku nchito, ndiye ayenera kupereka. Akalephera pali cirango, cimene cimawerengedwa monga ciongoladzanja pa masiku onse amene ndaramazo zinacedwa. M'caka ca 2024 cinali magawo 8 mwa 100 pa caka. Pothawira pace ndi apa: munthu salangidwa ngati wapereka pa nthawi yace magawo 90 mwa 100 a msonkho wa caka cino, kapena ndarama zolingana ndi msonkho wonse wa caka catha. Kwa banja limene linapeza madola oposa 150,000 caka catha, muyeso waciwiriwu umakwera kufika pa 110 mwa 100. Zigawo ziri ndi miyeso yao-yao. Ku New York malire ndi madola 300, ku California ndi 500, ndipo ku Virginia gawo loyamba limaperekedwa pa 1 Meyi.

Popeza zonsezi nzoyerekeza, caka cikatha masamu sakomana ndendende. Pofika pa 15 Epulo munthu amalemba pepala lalikuru losonyeza zonse zimene anapeza ndi zonse zimene anapereka. Akapezeka kuti anapereka zocepa, amaonjeza. Akapezeka kuti anapitiriza, boma limamubwezera cotsalaco. Ife tingoti cenji, monga cimene wa m'sitolo amakubwezerani mukagula sopo ndi ndarama yaikuru. Apa ndi pamene kamzere kathu kaja kalowera. Pa pepala la Boma lalikuru, lochedwa Form 1040, m'zaka zino ndi mzere wa 36, ndipo mapepala a zigawo ali ndi mzere wofanana nao. Munthu angathe kutenga cenji conse, kapena kucisiya conse, kapena kutenga cina ndi kusiya cina.

Tiyerekeze banja lokhala ku California. Mkazi ndi nesi, ndipo cipatala cimamudula msonkho pa malipiro ali onse. Mwamuna amakonza magetsi m'nyumba za anthu, ndipo bwana wace ndi iye mwini. Caka catha msonkho wao wa cigawo unali madola 6,000, koma anapereka 7,500, cifukwa anayembekeza kuti nchito za magetsi zidzacuruka kuposa m'mene zinacurukira. Cenji cao ndi madola 1,500. Caka cino afuna kuperekanso 6,000 kuti apewe cirango. Cipatala cidzadula 4,000 pa malipiro a mkazi, tsono 2,000 zotsala ziyenera kucokera ku msonkho woyerekeza. California sagawa mofanana monga licitira Boma lalikuru. Amafuna magawo 30 mwa 100 mu Epulo, 40 mu Juni, mu Seputembala safuna kanthu, ndipo 30 otsala mu Januwale. Pa madola 2,000 ndiye kuti 600, 800 ndi 600. Banja lija likasiya cenji cace conse, ndiye kuti lalipira kale gawo la Epulo ndi la Juni, ndipo patsala 100 yocepetsa gawo la Januwale, limene likhala 500 basi. Kucokera mu Epulo mpaka caka kutha salembanso ceke ca ku cigawo.

Ubwino wace uli poyera. Ndarama siziyenda ulendo kawiri, kucoka ku boma kudza ku nyumba ndi kubwereranso ku boma. Palibe kuiwala tsiku. Koposa zonse, ndaramazo sizilowa pa khomo. Tonse tidziwa kuti ndarama yofika m'nyumba imapeza nchito tsiku lomwelo: firiji yafa, galimoto ifuna matayala, kumudzi kwagwa maliro. Pofika Juni cenji cija catha, ndipo boma liri ciimire pa khomo. Mlimi wodziwa mtima wace amapatula mbeu asanayambe kudya cimanga, ndipo kusiya cenji ku boma ndi kupatula kotere.

Komatu boma silipereka ciongoladzanja pa ndarama zosiyidwa motero. Cotero ine ndiona kuti nkwanzeru kusiya zokwanira gawo la Epulo, kapena la Epulo ndi la Juni, ndi kutenga zotsala. Kusiya m'mwezi wa Epulo ndarama zimene zidzafunika mu Januwale ndi kukongoza boma kwa miyezi 9 kwaulere, ndipo banja limene liri ndi ngongole ya ku banki yokwera mwezi ndi mwezi lingacite bwino kukazimira moto umenewo.

Colakwa cofala kwambiri ndi kuyesa kuti maboma awiriwa ali ndi nkhokwe imodzi. Cenji ca cigawo cimalipira msonkho woyerekeza wa cigawo comweco basi. Sicingawoloke kunka ku Washington, ndipo cenji ca ku Washington sicingatsike kudzalipira ku California. Wokonza magetsi wathu uja akasiya 1,500 ku cigawo, naganiza kuti wathana nao onse awiri, adzapeza cirango ca IRS cirikumudikira. Cimodzimodzinso banja limene lirikukonza zosamukira ku Texas lisasiye kanthu ku cigawo cimene lirikucokako, koposa zimene lidzafunika kulipira pa miyezi yotsala, pakuti kuti lizitengenso lidzadikira caka cathunthu ndi kulembanso pepala.

Ndipo citseko cimeneci cikatsekeka, catsekeka. Malangizo a Form 1040 amanena poyera kuti cisankho cimeneci sicisinthika pambuyo pace. California nayenso amati cisankhoco ncomanga, ndipo New York salola kusintha tsiku la 15 Epulo likapita, kupatula pa zifukwa zowerengeka. Mwamuna akathyoka mwendo mu Meyi, nchito za magetsi nkuima, banjalo silingapite ku ofesi kukanena kuti, "Tasintha maganizo, tipatseni zathu zija." Zidzabwera ndithu, koma caka camawa, pepala lina likalembedwa.

Pali cinanso cimene cimadabwitsa anthu kumayambiriro a caka. Cigawo cimaturutsa kapepala kochedwa Form 1099-G, konena kuti caka catha banjalo linabwezeredwa madola 1,500. Mwamuna amakalipa: "Ndarama ziti? Ine sindinalandire kanthu!" Koma pa maso pa lamulo analandira, nazibwezanso m'dzanja la cigawo monga malipiro atsopano. Kuti Boma lalikuru lidule msonkho pa cenjico kapena lisadule, zitengera m'mene banjalo linalembera pepala la ku Washington caka cija. Boma lalikuru limalola banja kucotsako ndarama zina pa zimene linapeza, msonkho usanawerengedwe, ndipo njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndi kucotsa ciwerengero coikika kale, cimene kwa banja lolemba pamodzi cinali madola 29,200 m'caka ca 2024. Mabanja ocuruka amatsata imeneyi, ndipo kwa iwo cenji ca cigawo sicidulidwa msonkho. Yaciwiri ndi kuchula cimodzi-cimodzi zimene analipira, monga ciongoladzanja ca ngongole ya nyumba, zopereka ku chalichi, ndi msonkho wa cigawo. Amene anatsata njira iyi, nacotsa zonse zimene anapereka ku cigawo pamene msonkho weni-weni unali wocepa, anapindula mopitirira muyeso. Cotero cenji cija ciwerengedwa monga ndarama zopeza, kufikira pa mlingo umene anapindula naco. Koma ndarama zomwezo, popeza zasanduka msonkho woperekedwa ku cigawo m'caka catsopano, angathe kuzicotsanso akatsatanso njira yaciwiri. Kuyambira 2018 kufikira 2024 lamulo silinalole kucotsa misonkho ya cigawo ndi ya mzinda yoposa madola 10,000, ndipo malire amenewa anali amodzi-modzi kwa munthu wosakwatira ndi kwa banja la anthu awiri, cinthu cimene okwatira anadandaula naco. Lamulo la mu Julayi 2025 linakweza malirewo kufika pa madola 40,000 kwa caka cimeneco, kupatula kwa olemera kwambiri.

Tsono tifike pa phata pa nkhani yathu, ndipo ndi ukwati.

Kuno ku Zambia mwamuna ndi mkazi amawerengedwa payekha-payekha pa msonkho. Ku America okwatirana amasankha caka ndi caka: kulemba pepala limodzi, kapena yense kulemba lace. Mbiri yace njokondweretsa. M'zigawo 9, monga California, Texas, Arizona ndi Louisiana, lamulo limati cuma copezedwa mu ukwati nca onse awiri, theka ndi theka. M'caka ca 1930, pa mlandu wa Poe ndi Seaborn, bwalo lalikuru la mirandu linagamula kuti kumene kuli lamulo lotere mwamuna alipire msonkho pa theka la malipiro ace, ndi mkazi pa theka linalo. Popeza msonkho umakwera pamene mulu wa ndarama ukula, timilu tiwiri tinalipira zocepa kuposa mulu umodzi. Mabanja a m'zigawo zina anacita nsanje, ndipo zigawo monga Oklahoma ndi Oregon zinafika posintha malamulo ao a cuma ca m'banja makamaka cifukwa ca msonkho. M'caka ca 1948 nyumba ya malamulo inathetsa mkanganowo polola mabanja onse kugawa pawiri zopeza zao pa pepala limodzi, ndipo lamulolo linapita ngakhale Pulezidenti Harry Truman analikana.

Koma pepala limodzi liri ndi mtengo wace. Onse awiri akasaina, yense wa iwo amasenza ngongole yonse. Mwamuna akabisa ndarama zina za nchito zace, boma lingathe kutsata mkazi kuti alipire msonkho wonsewo, osati theka lokha, ngakhale ukwati utatha kale. Iripo njira yopemphera cikhululukiro kwa amene sanadziwe kanthu, koma siiri yapafupi.

Nanga cenji cija nca yani? Pamene m'nyumba muli mtendere palibe amafunsa funso limeneli, ndipo mwina nkoyenera kutero. Koma taonaninso banja lathu lija. Wofunika kupereka msonkho woyerekeza ndi mwamuna, cifukwa ca nchito zace zosadulidwa. Cenji cikasiyidwa ku boma, thumba limene lapepukidwa mu Epulo ndi mu Juni ndi lace. Pamenepo mwina mkazi anali atawerengera kale ndaramazo kuti akalipire sukulu ya mng'ono wace kuno kwathu, kapena kuti afolere nyumba ya amai ace ndi malata. Sindikunena kuti mwamunayo waba, iai. Msonkho ndi wa banja lonse, ndipo cirango cikadza cidzagwera onse. Ndikunena kuti iyi ndi nkhani yokambirana, koma masiku ano mapepalawa amalembedwa pa kompyuta, pakati pa usiku, ndi munthu mmodzi wotopa, ndipo funso lija limayankhidwa ndi cala cimodzi. Amai, funsani kuti pa mzere umenewo palembedwa ciani musanasaine. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ndipo inu abambo musaseke, pakuti m'mabanja ena wosunga mapepala ndi mkazi, ndipo wongosaina ndinu.

Mabanja ena amatsata njira ina: mkazi amalemba kapepala kochedwa Form W-4, kupempha ku nchito kuti azimudula zocurukirapo, kuti zikwanire ndi msonkho wa mwamuna womwe. Boma lalikuru limayesa ndarama zodulidwa ku nchito ngati zaperekedwa mofanana m'caka conse, ngakhale zinadulidwa mu Disembala, cotero njira imeneyi imapulumutsa banja limene linacedwa ndi magawo oyamba. Koma apanso malipiro a mmodzi ndi amene asenza katundu wa mnzace, ndipo onse awiri ayenera kudziwa zimenezo.

Bvuto leni-leni limaoneka ukwati ukagwedezeka. Pa nkhani za msonkho, boma limayang'ana tsiku limodzi lokha, 31 Disembala. Amene cisudzulo cao catha pa bwalo pofika tsiku limenelo amayesedwa osakwatira caka conseco. Tsono taganizani: mu Epulo anasaina pamodzi, nasiya cenji, mu Juni anapereka gawo lina pamodzi, mu Okutobala ukwati watha. Epulo wotsatira yense alemba pepala lace. Ndarama ziri ku boma zija alembe ndani?

Lamulo la Boma lalikuru pa msonkho woyerekeza woperekedwa pamodzi limayamba ndi mtendere. Limati awiriwo agawane m'mene apanganirana, ngakhale kupatsa mmodzi zonse. Akalephera kumvana, zimagawidwa molingana ndi kukula kwa msonkho wa yense m'caka cimeneco. Tinene kuti anapereka pamodzi madola 3,000, ndipo polemba payekha-payekha msonkho wa mwamuna wapezeka 4,000, wa mkazi 2,000. Mwamuna atenga magawo awiri mwa atatu, ndiwo madola 2,000, mkazi natenga 1,000. Taonani kuti masamu amenewa safunsa kuti ceke cinacokera m'buku la banki la yani. Mkazi angakhale kuti ndiye anagwira nchito za usiku m'cipatala kuti ndaramazo zipezeke, koma akalephera kupangana, gawo lalikuru lipita kwa amene ali ndi msonkho waukuru.

Cimene cimacitika anthu akakwiyirana ndi ici: yense amalemba 3,000 yonse pa pepala lace. Ofesi iona kuti anthu alikufuna 6,000 pamene m'buku muli 3,000, ndipo makalata amayamba kuyenda. Apa dzina loyamba pa pepala limakhala ndi mphamvu imene palibe anaiganizira. Munthu wogwira nchito ku America mololedwa ndi lamulo amakhala ndi nambala yace ya Social Security, ndipo ndarama zosiyidwa zimalembedwa pansi pa nambala ya amene dzina lace linayamba pa pepala la banja. Malangizo a Form 1040 amati wofuna kuti zilembedwe pa dzina la mnzaceyo aphatike kalata yopempha motero, ndi nambala ya mnzaceyo. Amene dzina lace linali laciwiri angadzidzimuke kumva kuti pa nambala yace palibe ndarama iri yonse. Zigawo nazo ziri ndi malamulo ao. Ofesi ya msonkho ya California, yochedwa Franchise Tax Board, imafuna kuuzidwa za kagawidweko mapepala asanatumizidwe, ndipo imalandira pangano la cisudzulo la ku bwalo, kapena kalata yosainidwa ndi onse awiri pa maso pa mboni yobvomerezeka ndi lamulo.

Cifukwa cace ine ndinena mosabisa kuti banja limene liona kuti mphika wace wang'aluka lisasiye cenji ku boma caka cimeneco. Licitenge, ligawane pa tebulo, ndipo yense apereke msonkho woyerekeza pa nambala yace. Ndipo inu ankhoswe, amene mumaimbiridwa lamya usiku kuti mukambe ndi ana anu a kutali, mukafunsa za nyumba, za galimoto ndi za ana, mufunsenso ngati pali ndarama zimene zinatsala ku maofesi a msonkho, ku Washington ndi ku cigawo. Sizioneka m'nyumba ndipo sizioneka ku banki, cotero nkosabvuta kuziiwala m'pangano la cisudzulo.

Ngongole zakale nazo zimalowerera. Ngati mmodzi wa awiriwo ali ndi msonkho wa zaka zam'mbuyo wosalipira, kapena anasiya kupereka ndarama zolerera mwana wa ukwati woyamba zimene bwalo linalamula, boma limayamba latenga zimenezo pa cenji, ndipo cotsala cokha ndico cipita ku msonkho woyerekeza. Banja liganiza kuti gawo la Epulo linalipiridwa, pamene cirango cirikukula mwakacetecete. Kalata iri yonse yocokera ku ofesi ya msonkho itsegulidwe tsiku lomwelo. Ku Boma lalikuru, amene ngongoleyo si yace angathe kulemba Form 8379 kuti gawo lace la cenji libwezedwe. Zigawo sizifanana pa nkhani imeneyi, cotero munthu afunse ku ofesi ya cigawo cace asanasaine pepala limodzi ndi mnzace wangongole.

Imfa ikalowa m'banja lamulo liri ndi cifundo pang'ono. Wotsala angathe kulembabe pepala limodzi la caka cimene mnzace anamwalira, ngati sanakwatirenso caka cisanathe, ndipo ndarama zimene anasiya pamodzi zimagwira nchito pa pepala lomwelo.

Mau otsiriza ndi a inu amene mkazi wanu kapena mwamuna wanu ali ku America, inu muli ku Kitwe, ku Chingola kapena ku Mufulira. Lamulo la Boma lalikuru silola awiri kupereka msonkho woyerekeza pamodzi, kapena kulemba pepala limodzi, ngati mmodzi ndi mlendo wokhala kunja kwa dziko, pokha-pokha awiriwo atasankha kuti wa kunjayo ayesedwe wokhala ku America pa nkhani za msonkho. Tsiku lina mnzanuyo angakutumizireni mapepala kuti musaine, nanena kuti msonkho udzatsika ndipo cenji cidzakula. Mwina nzoona ndithu. Koma dziwani zimene mulikubvomereza. Mudzafunika kupatsidwa nambala ya msonkho ya kumeneko, imene imapemphedwa pa Form W-7. Malipiro anu a pa mgodi, lendi ya nyumba yanu ya m'komboni, ndi zonse zimene mupeza kuno ziyenera kulembedwa pa pepala la ku Washington, ngakhale ziripo njira zocepetsera msonkho pa ndarama zopezedwa kunja ndi zowerengera PAYE imene munadulidwa kale kuno. Mudzasenzanso ngongole yonse ya pepalalo pamodzi ndi mnzanu. Ndipo cisankho cimeneci cimapitirira caka ndi caka kufikira citathetsedwa, koma cikathetsedwa kamodzi simungacisankhenso. Tengani mapepalawo, mupite nao kwa munthu wodziwa za misonkho ya maiko onse awiri, ndipo mumufunse kuti akusonyezeni masamu a njira zonse ziwiri, kulemba pamodzi ndi kulemba payekha, komanso dzina limene liyambe pa pepala.